Lobster izifa kaye isanalowe mumphika

Pa 1 Malichi 2018 dziko la Switzerland linayamba kugwiritsa ntchito lamulo limene anthu ambiri a kunja kwa dzikolo analiseka. Lamulolo likuti nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja zamchere, zija zimatchedwa lobster, zisamaponyedwe m'madzi owira zili zamoyo. Wophika ayambe waikomola nkhanuyo ndi magetsi kapena kuwononga ubongo wake, kenako aziiphika. Linaletsanso kuzinyamula zamoyo zitagonekedwa pa madzi oundana. Osekawo anali ndi poyambira, chifukwa Switzerland ilibe gombe la nyanja yamchere ndipo ilibe msodzi wa lobster ndi mmodzi yemwe. Koma patapita zaka zinayi, dziko la Britain, limene asodzi ake amavuula nkhanuzi chaka chonse, linakhazikitsa lamulo la 2022 lovomereza kuti lobster, nkhanu zinzake ndi octopus (nyama ya m'nyanja yamchere, yofewa thupi, ya mikono isanu ndi itatu) zili m'gulu la zamoyo zotha kumva ululu. Lamulo la Britain silinaletse kuziwiritsa zamoyo, linangoziika pa mndandanda wa nyama zimene boma liyenera kuziganizira popanga mfundo zake. Ndiye mkangano ukadali pakati pa ophika, asodzi, asayansi ndi omenyera ufulu wa nyama.

Ine ndili kumbali ya Switzerland. Aliyense amene amapha lobster kuti agulitse kapena kuti aphikire makasitomala ayenera kukakamizidwa ndi lamulo kuikomola kapena kuipha mwachangu isanakhudze madzi otentha. Anthu apitirize kudya lobster, asodzi apitirize kutchera miono yawo. Pamenepo ndilibe nazo vuto. Ndikuvomerezanso poyambirira pomwe kuti palibe wasayansi amene analowapo m'mutu mwa nkhanu n'kumva zimene imamva. Mfundo yanga yagona pa kuyeza zinthu ziwiri: umboni woti nyamayi imamva ululu wakula moti sitingaunyalanyaze, pamene zimene tingataye poipha kaye ndi zochepa kwambiri.

Tisanamve otsutsa, tiyambe taiyang'anitsitsa nyamayo, chifukwa ambiri amene amakangana za iyo anangoiona itafiira m'mbale. Ikakhala yamoyo pansi pa nyanja ya Atlantic imakhala yobiriwira modera kapena yabuluu. Kufiirako kumabwera ndi moto. Ili ndi miyendo khumi, ndipo iwiri yakutsogolo ndi manja aakulu osafanana: lina lonenepa lophwanyira zigoba, lina lowonda lodulira ndi kung'ambira. Imanunkhiza ndi tinyanga tating'ono ta kumutu, imalawa ndi tiubweya ta m'miyendo, ndipo mano ake otafunira ali m'mimba. Mkodzo wake umatulukira kumaso, m'munsi mwa nyanga, ndipo ndi umene imalankhulira ndi zinzake. Wasayansi Jelle Atema, amene anaphunzira nkhanuzi kwa zaka zambiri ku Woods Hole m'boma la Massachusetts ku America, pamodzi ndi Christa Karavanich, anasonyeza mu 1998 kuti zazimuna ziwiri zikamenyana, yogonjayo imakumbukira fungo la imene inaigonjetsa kwa sabata yathunthu kapena kuposerapo. Ikakumana nayonso imabwerera m'mbuyo osayesa n'komwe, koma ikakumana ndi ina yachilendo imalimbana nayo. Ofufuzawo atatseka njira ya mkodzo kapena kuziphera tinyanga tonunkhizira, kuzindikiranako kunatha, ndewu n'kuyambiranso ngati sizinaonanepo. Pa nkhani ya kuswana, yaikazi ndiyo imasankha. Imapita pakhomo pa phanga la yaimuna yamphamvu, kupoperamo mkodzo wake masiku angapo mpaka mwini phanga atafatsa, kenako imalowa n'kufundula chigoba chake momwemo. Ikatero imakhala yofewa moti yaimunayo ikhoza kuidya, koma imailondera mpaka chigoba chatsopano chitalimba. Mazira imadzawanyamula kunsi kwa mchira miyezi 9 mpaka 12.

Zimenezi sizitsimikizira kuti lobster imamva ululu. Zikungotiuza kuti ndi nyama yokumbukira, yosiyanitsa mnzake uyu ndi uyo, ndiponso yosintha khalidwe malinga ndi zimene inakumana nazo. Ndi nyama yotereyi imene otsutsa akunena kuti imangogwedezeka ngati makina.

Mfundo yawo yoyamba, yomwenso ndi yamphamvu kuposa zonse, ndi ya ubongo. Amati lobster ilibe ubongo wonga wa munthu, wa galu kapena wa mbalame. Ili ndi timagulu ta minyewa tondandalika kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndipo maselo ake a minyewa ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi mabiliyoni a munthu. Mbali ya ubongo imene imathandiza munthu kuzindikira kuti akumva kupweteka, nkhanu ilibe. Choncho, iwo amati, kuphiriphitha kwake mumphika n'chimodzimodzi ndi dzanja la munthu limene limathawa lokha likakhudza chitsulo chamoto, mwini wake asanadziwe n'komwe chimene chachitika. Amene amanena izi si mbuli ayi. Lipoti limene linalembedwera boma la Norway mu 2005 linafika pa mfundo yoti n'zokayikitsa kuti nyama zoterezi zimamva ululu, ndipo bungwe la Lobster Institute la pa University of Maine ku America lakhala likuyerekeza minyewa ya lobster ndi ya tizilombo touluka. Pali chinanso chimene akunena zoona: kaphokoso kamene kamamveka nkhanu ikalowa m'madzi owira si kulira. Ilibe kholingo kapena mapapo. Ndi mpweya ndi nthunzi zotuluka m'chigoba, ndipo anzanga a mbali yanga amene amakonda kunena za "kukuwa kwa lobster" amangofooketsa mlandu wabwino ndi umboni wabodza.

Komabe mfundo ya ubongoyi ili ndi mpata waukulu. Ikutenga kapangidwe ka thupi la munthu kukhala muyeso wa zamoyo zonse. Diso la nkhanu silinapangidwe ngati lathu ngakhale pang'ono, koma palibe amene amati nkhanu siona. Funso loyenera ndi lakuti: kodi nyamayi ikavulala imachita zinthu zimene kugwedezeka wamba sikungafotokoze? Apa m'pamene Robert Elwood wa pa Queen's University ku Belfast, mzinda wa ku Northern Ireland, anagwira ntchito ya kuona maso a nkhono, ija imafuna kudekha. Iye ndi anzake anapaka asidi wa mu viniga pa nyanga imodzi ya tinkhanu ta prawn. Tinkhanuto tinayamba kupukuta ndi kukhuza nyanga yomweyo pakhoma la thanki kwa mphindi zingapo, ndipo akayamba apakapo mankhwala ochititsa dzanzi, kupukutako kunkachepa kwambiri. Dzanja lothawa moto limathawa kamodzi basi. Kusamalira bala kwa nthawi yaitali ndi chinthu china. Mu 2009 anayesa nkhanu zija zimakhala m'zigoba za nkhono zakufa. Anazigwiritsa magetsi pang'ono zili m'chigobamo. Zimene zinali m'chigoba cha mtundu umene siziukonda zinkatuluka msanga, koma zokhala m'chigoba cha mtundu wokondedwa zinkapirira mphamvu yokulirapo zisanachoke. Apa nyama ikuyeza kupweteka ndi ubwino wa nyumba n'kusankha. Mu 2013 anasonyezanso kuti nkhanu za m'mphepete mwa nyanja zimaphunzira kupewa pobisalira pamene zinagwidwa ndi magetsi, ngakhale kuti mwachibadwa zimathamangira malo amdima. Ndipo mu 2014, ofufuza a ku Bordeaux ku France anapeza kuti nkhanu za m'madzi opanda mchere zotchedwa crayfish, zomwe ndi abale apafupi a lobster, zikazunzidwa ndi magetsi zimaopa kupita powala, koma akazibaya mankhwala amene madokotala amapatsa anthu odwala nkhawa, zimayambanso kuyendayenda momasuka.

Wotsutsa wochenjera ayankha kuti zambiri mwa izi zinachitika pa nkhanu zina, osati pa lobster yeniyeniyo. N'zoona, ndipo gulu la Jonathan Birch la ku London School of Economics, limene linaunika kafukufuku woposa 300 n'kupereka lipoti ku boma la Britain mu Novembala 2021, silinabise zimenezi. Linati umboni ndi wamphamvu kwambiri pa octopus, wamphamvu pa nkhanu wamba, ndipo pa lobster ndi crayfish ndi wochuluka ndithu koma wosafika pa zinzakezo. Kusiyanaku kwakukulukulu kukuchokera pa kuchuluka kwa kafukufuku amene wachitika pa mtundu uliwonse. N'zosamveka kuganiza kuti prawn, crayfish ndi nkhanu wamba, zomwe zili ndi minyewa yoyalidwa mofanana, zimamva ululu koma lobster yokha ndiyo inasiyidwa. Kuonjezera apo, pa kutentha penipenipo lobster ndi yatcheru modabwitsa: kugunda kwa mtima wake kumasintha madzi akasintha ndi mlingo wosakwana digiri imodzi, ndipo imayenda mitunda pansi pa nyanja kutsata madzi otentha mmene imafunira. Nyama imeneyi ikaponyedwa m'madzi a madigiri 100 siifa pomwepo. Imamenya mchira, imakanda mphika, nthawi zina imathothola manja ake, ndipo zimenezi zingatenge mphindi imodzi, ziwiri kapena kuposa.

Mfundo yachiwiri ndi ya ophika, ndipo ndi ya ukhondo. Amati lobster ikafa imaonongeka msanga: mabakiteriya a mtundu wa Vibrio amaswana mofulumira, ndipo madzi ogayira chakudya a m'thupi mwake amayamba kufewetsa mnofu. N'chifukwa chake kuyambira kale imagulitsidwa yamoyo. Zonsezi n'zoona, koma zikuteteza kuisunga yamoyo mpaka nthawi yophika, basi. Nkhanu yophedwa masekondi makumi atatu isanalowe mumphika siinayambe kuola. Nkhawa ya ukhondo ndi ya maola, pamene ife tikukangana za mphindi imodzi.

Pali otsutsa ena amene amaloza kunyanja n'kunena kuti chilengedwe n'chankhanza kuposa wophika aliyense. Nsomba zikuluzikulu zimameza ana a lobster, octopus imalowa m'mono n'kudya zimene zakodwa, ndipo nkhanuzi zikapanikizana zimadyana zokhazokha, chomwe n'chifukwa china chimene asodzi amazimangira manja ndi malabala. Mwa mazira masauzande a yaikazi imodzi, ochepetsetsa ndiwo amafika pokula. Sindikutsutsa chilichonse apa. Kungoti octopus ilibe njira ina yodyera, pamene wophika ali ndi mpeni patebulo ndi magetsi pakhoma. Ng'ombe nazonso zikanakhala m'tchire zikanafa imfa yowawa m'kamwa mwa zilombo, koma mayiko ambiri ali ndi malamulo a kaphedwe ka ng'ombe, ndipo sitimva munthu akunena kuti malamulowo achotsedwe chifukwa mkango suwatsata.

Mfundo imene ndimaipatsa ulemu kwambiri ndi ya asodzi, amene amaona ngati anthu a m'maofesi akufuna kuwaphera ntchito. M'boma la Maine ku America, mu 2016 asodzi anavuula lobster zolemera mapaundi oposa 130 miliyoni, ndipo midzi yathunthu ya m'gombe imadalira nkhanuyi. Kutsidya kwa malire, ku Nova Scotia ndi zigawo zina za Canada, n'chimodzimodzi. Munthu amene amadzuka mbandakucha kukakoka miono mazana m'madzi ozizira ali ndi chifukwa chokwiyira akamva kuti ntchito yake ndi yankhanza. Koma taonani chimene msodzi wa ku Maine amachita kale tsiku lililonse. Mono ukafika m'boti, amatenga kachitsulo koyezera n'kukaika pamsana pa nkhanu iliyonse, kuyambira pa diso mpaka pothera chigoba. Ikachepera mainchesi atatu ndi kota amaibweza m'madzi. Ikapitirira mainchesi asanu amaibwezanso, chifukwa zikuluzikuluzo ndizo zimaswa kwambiri. Akaitembenuza n'kupeza mazira akuda atadzaza kunsi kwa mchira, amadula kachidutswa kooneka ngati V pa chipsepse chimodzi cha mchirawo n'kuiponya m'nyanja, ndipo aliyense wodzaigwira pambuyo pake, ngakhale ilibe mazira, saloledwa kuitenga. Lamulo loteteza zazikazi za mazira linayamba mu 1872 m'bomalo. Mono uliwonse uli ndi kazenera kotulukira zazing'ono, ndi chitseko chomangidwa ndi zinthu zoola kuti ukasochera pansi pa nyanja usapitirize kupha. Anthu amenewa amaponya ndalama m'madzi ndi manja awo chifukwa anaona kuti lamulo labwino limasunga ntchito yawo.

Chofunika kwambiri n'chakuti lamulo limene ndikulichirikiza silimukhudza msodzi pa ntchito yake. Iye amagulitsa nkhanu yamoyo padoko, ndipo adzapitiriza kutero. Ngakhale mono weniweniwo si malo a chizunzo monga ena amaganizira. Ofufuza a pa University of New Hampshire, motsogozedwa ndi Win Watson, anamangirira kamera pamwamba pa mono n'kupeza kuti mwa nkhanu 100 zolowa kukadya nyambo, pafupifupi 94 zinkatulukanso mono usanakokedwe, ndipo yomwe ili mkati nthawi zambiri inkathamangitsa zinzake pakhomo. Udindo wa kaphedwe uli pa fakitale ndi pa khitchini. Kumeneko mtengo ulipo ndithu: makina okomolera ndi magetsi, monga a CrustaStun amene anapangidwa ndi loya wa ku Britain Simon Buckhaven, amagulidwa ndi ndalama, ndipo antchito amafunika kuphunzitsidwa. Koma lobster ndi chimodzi mwa zakudya zodula kwambiri m'malo odyera, ndipo imakwezedwa ndege yamoyo kuchoka ku Halifax, mzinda wa ku Canada, kupita ku China. Malonda otha kulipira ndege angakwanitse kulipira makina. Malo odyera aang'ono amene sangagule makina ali ndi mpeni.

Pa za mpenizi tisanamizane, chifukwa otsutsa amafunsa moyenera ngati njira zinazo zilidi zabwinoko. Si zonse. Kubaya kamodzi pamutu, kumene ophika ambiri amachita n'kudziona kuti achita chifundo, sikukwanira, popeza timagulu ta minyewa tija tili m'thupi lonse. Lipoti la Birch linati lobster iyenera kung'ambidwa pakati kuchokera kumutu mpaka kumchira, mwachangu, ndi munthu wodziwa. Kuiika m'madzi opanda mchere ndi imfa yapang'onopang'ono. Kuiziziritsa kumaifooketsa kuti isagwedezeke, koma kusagwedezeka sikutanthauza kusamva, makamaka pa nyama yozolowera madzi ozizira. Kuitenthetsa pang'onopang'ono kuyambira m'madzi ozizira kulibenso umboni wokhutiritsa. Ndiye lamulo longoti "musaiwiritse yamoyo" lingathe kungosamutsa ululu kuchoka pa njira ina kupita pa ina. Liyenera kutchula njira zovomerezeka, ndipo pakadali pano zodalirika ndi ziwiri: magetsi oyezedwa bwino, ndi kung'amba thupi lonse.

Mfundo ina imabwera ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndimaumvetsa. Amati n'chipongwe kudera nkhawa nkhanu pamene anthu akuvutika, ngakhale m'malonda a lobster momwemo. Ku gombe la Honduras, dziko la ku Central America, amuna a mtundu wa Miskito amamira pansi pa nyanja ndi mathanki a mpweya kukagwira lobster za minga, zija zilibe manja aakulu. Amamira mozama kambirimbiri pa tsiku ndi zipangizo zakutha, ndipo ambiri afa kapena kupuwala ndi matenda obwera chifukwa chovuuka mofulumira. Mu 2021 khoti loona za ufulu wa anthu m'mayiko a ku America, la Inter-American Court of Human Rights, linagamula mlandu wa anthu 42 oterewa, boma la Honduras litavomera kuti linalephera kuwateteza. Ngati wina andifunsa chimene chili chachikulu, moyo wa mmodzi wa amuna amenewa kapena mphindi ziwiri za nkhanu mumphika, yankho ndi munthuyo, mosazengereza. Koma palibe amene akutiuza kuti tisankhe chimodzi. Kuwiritsa lobster yamoyo ku Zurich, mzinda wa ku Switzerland, sikuchiritsa msana wa munthu wa ku Honduras. Ndipotu kampani yogula imene yazolowera kufunsa kuti nkhanu inaphedwa bwanji ndi yomweyo imene ingafunsenso kuti inagwidwa ndi mono kapena ndi munthu womira popanda chitetezo. Wogula wosafunsa kanthu ndiye amavulaza onse awiri.

Chatsala n'chakuti lamulo lotere lingatsatidwe bwanji. Otsutsa amaseka kuti apolisi adzayamba kusuzumira m'miphika ya anthu, ndipo ndikugwirizana nawo kuti lamulo lolowa m'khitchini ya banja lililonse lingakhale lachabechabe. Dziko la New Zealand linapeza njira yanzeru. Lamulo lake la ufulu wa nyama la 1999 linawerengera kale nkhanu ndi lobster ngati nyama, ndipo malamulo a 2018 anaika udindo pa amene amazipha pochita malonda: azizikomola kaye. Kumeneko n'kumene kuli nkhanu zambiri, ndipo n'kumene oyendera za ukhondo amafika kale. Fakitale imodzi yokonza mnofu wa lobster imapha nkhanu zochuluka pa tsiku kuposa zimene mabanja a tauni yonse angaphike pa chaka, choncho makina amodzi oikidwa pa lamba wa fakitaleyo amasintha zambiri kuposa chenjezo lililonse lopita kwa anthu wamba. Masitolo ena akuluakulu a ku Britain anayamba kale kufuna kuti owagulitsa nkhanu azizikomola ndi magetsi, boma lisanawakakamize. Wogula lobster yamoyo kuti akaphike kunyumba angathandizidwe pa kauntala pomwepo: wogulitsa, amene ali ndi makina kapena luso la mpeni, amuphere ngati akukaphika nthawi yomweyo, kapena amugulitse yophikaphika. Woyendera malo odyera, amene amayang'ana kale kuzizira kwa firiji ndi ukhondo wa matebulo, angoonjezera mafunso awiri pa pepala lake: nkhanu zimaphedwa ndi njira iti pamalopo, ndipo anaphunzitsidwa ndani kuchita zimenezo.